Chingwe kapena wailesi: fulashi yochotsa pakamera muiyatse ndi chiyani?

Mnyamata amene amandithandiza kunyamula katundu m'maukwati kuno ku Ulongué anandifunsa tsiku lina tili m'chapa kuti, "Achimwene, ndasungako timetikali pang'ono. Ndiyambe ndi chingwe kapena trigger?" Trigger ndi kachipangizo koyatsa fulashi kudzera pa mafunde a wailesi, popanda chingwe. Ine ndinamubwezera funso: pakati pa kamera yako ndi fulashi yako pazidutsa anthu? Nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati pazidutsa anthu, chingwe chidzakuliza tsiku lina. Ngati sipadutsa aliyense, chingwe chikhoza kukutumikira zaka zambiri osakupempha batire ngakhale limodzi.

Chifukwa chochotsera fulashi pakamera ambiri mukuchidziwa. Ikakhala pamwamba pa kamera, kuwala kumamenya munthu pamphumi penipeni, mphuno ndi masaya zimaoneka zophwatalala, ndipo kumbuyo pakhoma pamaima chimthunzi chakuda. Kwa ife ojambula anthu akhungu lakuda, makamaka kumunsi ku Tete ndi ku Moatize kumene munthu amatuluka thukuta atangoima, pamphumi pamachita kung'anima ngati padzozedwa mafuta. Koma fulashi yomweyo mukaiika chapambali, m'mwamba pang'ono, kuwala n'kudutsa mu ambulera yoyera, nkhope imabwerera mwakale, khungu limaoneka bwino, ndipo maluwa a pachitenje amatuluka onse. Chotsala n'chakuti kamera iuze fulashi kuti "yaka tsopano", pa kamphindi kamene shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, yatseguka. Uthenga umenewu ungayende pa chingwe, pa kuwala, kapena pa mafunde a wailesi.

Zingwe zilipo ziwiri, ndipo sizifanana

Choyamba ndi chakale chija chotchedwa PC sync. Zilembo ziwirizi sizikukhudzana ndi kompyuta, zikuimira Prontor ndi Compur, mayina a ma shutter a ku Germany amene pulagi yake inayambira. M'kati mwake muli timawaya tiwiri basi, ndipo uthenga wake ndi umodzi: yaka. Mphamvu ya fulashi mumaichuna nokha ndi dzanja, kaya 1/4, kaya 1/16 ya mphamvu yake yonse. Ubwino wake waukulu kwa ife okhala kutali ndi masitolo a makamera ndi woti chikaduka, mmisiri aliyense wokonza mawailesi pamsika akhoza kuchiwotcherera ndi mtovu n'kugwiranso ntchito tsiku lomwelo. Mafulashi ambiri amakono ali ndi kabowo ka 3.5 mm kapena 2.5 mm, kofanana ndi ka mahedifoni, ndipo pulagi ya mtundu umenewu imagwira molimba kuposa ya PC, imene imakonda kukhwepa ikakalamba.

Vuto ndi loti makamera amene ambiri timayambira, monga Nikon D3200, D3500, D5300 kapena Canon 1300D ndi 700D, alibe bowo la PC. Pamafunika kachipangizo kovala pa hot shoe, kampando kachitsulo kaja ka pamwamba pa kamera, kamene kamatulutsa bowolo. Ka Nikon ndi AS-15, ndipo tilipo tina totchipa topanda dzina. Choncho powerengera mtengo wa chingwe, muwerengerenso kameneka.

Chachiwiri ndi chingwe cha TTL (njira imene kamera imayeza kuwala n'kusankha yokha mphamvu ya fulashi), chopotanapotana ngati cha telefoni yakale, monga Canon OC-E3 kapena Nikon SC-28 ndi SC-29. Mbali ina imavala pa hot shoe, mbali inayo imalandira phazi la fulashi. Kamera imaganiza kuti fulashi ikadali pamutu pake, ndiye zonse zimayenda: imayeza yokha kuwala, mumasintha mphamvu muli pakamera, HSS (njira yoyatsira fulashi shutter ili pa liwiro lalikulu) imagwira. Sichichedwa, sichisokonezedwa ndi wina aliyense, sichifuna batire. Koma ndi chachifupi. Cha Canon ndi cha masentimita 60, chongokwanira kuti dzanja lamanja ligwire kamera, lamanzere likweze fulashi m'mwamba. Zilipo zazitali zopangidwa ndi makampani ena, koma chingwe chikatalika chimagwera pansi, ndipo pansi ndi pamene anthu amaponda.

Ine chinandichotsa pa chingwe m'maukwati ndi ichi. Tinali muholo ina nthawi ya perekaniperekani, nyimbo zili pakamwa, amayi akubwera akuvina ndi ndalama m'manja. Ndinali nditaimika fulashi pa sitandi pafupi ndi tebulo la akwati, chingwe cha mamita 5 chikuyenda pansi. Kamwana kena kanathamangira amake n'kukodwa. Sitandi inagwa, phazi la fulashi linathyoka, koma chimene chinandiwawa mtima kwambiri n'chakuti inagwera pafupi ndi mutu wa mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo sindinayalenso chingwe pansi pamalo pamene pali anthu. Fulashi imagulidwa ina, mwana wa eni ake sagulidwa.

Komabe musachinyoze. Kwa amene ali ndi kachipinda kojambuliramo zithunzi za tipo passe, zija za kusukulu ndi zofunsira ntchito, fulashi imakhala malo amodzi chaka chonse, kamera nayo malo amodzi. Yendetsani chingwe m'mbali mwa khoma kapena kudenga, mwathana nazo. Chimodzimodzi amene amajambula makeke, nsapato kapena zitenje patebulo zoti zigulitsidwe pa WhatsApp ndi Facebook. Amene amakonda kujambula tizinthu tating'ono chapafupi, maluwa, tizilombo, mphete za ukwati, chingwe cha TTL ndiye mnzawo weniweni chifukwa fulashi imakhala chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa lenzi.

Njira yaulere imene mwina muli nayo kale

Yang'anani kumbuyo kwa fulashi yanu. Ngati pali S1 ndi S2, ndiye kuti ili ndi kadiso kamene kakaona fulashi ina ikuyaka, nayo imayaka. Kafulashi kakang'ono ka pakamera ndi kokwanira kuidzutsa. S1 imayaka pa kuthwanima koyamba, ndiye imafuna kuti kafulashi ka pakamera kakhale pa manual, pamene mphamvu mumaichuna nokha. S2 imadumpha kuthwanima koyamba kumene kamera imayezera kuwala pa TTL, n'kuyaka pa kwachiwiri. Mukaona fulashi ikuyaka ndithu koma pachithunzi kuwala kwake kulibe, mwasemphanitsa ziwirizi. Nikon ndi Canon alinso ndi njira zawo za kuwala zanzeru kuposa pamenepa, monga CLS ya Nikon imene inabwera mu 2003 ndi fulashi ya SB-800.

M'nyumba ya makoma oyera njirayi imagwira bwino, ndipo pophunzira ndi yabwino chifukwa simulipira kanthu. Panja padzuwa la ku Tete kadisoko kamachita khungu. Paukwati pamene pali wojambula wina, fulashi yake iziyatsa yanu, mabatire anu azithera zithunzi za eni. Ndingoti ndi yophunzirira ndi yopulumukira, osati yodalira pantchito yolipidwa.

Wailesi

Apa ndiye pofunika kukhazikika, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama. Trigger ya wailesi ili pawiri: kotumiza kamakhala pa hot shoe, kolandira kamakhala kufulashi. Zambiri za masiku ano zimayenda pa 2.4 GHz, mafunde omwewo a Wi-Fi ndi Bluetooth. Sizifuna kuonana, zimadutsa ambulera, chitseko ndi khamu la anthu, ndipo dzuwa silizisokoneza. M'masitolo olankhula Chipwitikizi mukafunse disparador de flash, ena amati rádio flash. Chingwe chija ndi cabo de sincronismo.

Mtundu wotchipa kwambiri ndi wongoyatsa, monga Yongnuo RF-603. Ndi chingwe cha PC chopanda chingwe: uthenga umodzi womwewo, matchanelo 16, mabatire awiri a AAA m'kalikonse. Mukafuna kusintha mphamvu muyenera kuyenda kukafika pafulashi. Mtundu wapakati umakulolani kusintha mphamvu muli pakamera, monga YN560-TX ndi mafulashi a YN560 III ndi IV. Mtundu wapamwamba umanyamula zonse, TTL ndi HSS zomwe: apa pali Godox X2T, XPro ndi X3, komanso za eni makamera, makampani amene amawapanga. Canon inayamba kuika wailesi m'kati mwa fulashi mu 2012 ndi 600EX-RT, Nikon inatsatira mu 2016 ndi SB-5000. Za eni makamerazi ndi zolimba ndi zodalirika, koma mtengo wake si wa munthu amene akuyamba kumene.

Langizo langa lalikulu ndi loti mugule fulashi yoti kolandira kali kale m'kati. Godox TT600 ndi chitsanzo chabwino: ndi ya manual, yotchipa poyerekeza ndi zinzake, ndipo imamvera kotumiza kalikonse ka banja la X la Godox. Mwatero mwachepetsa kachipangizo kamodzi kolendewera, mabatire awiri oiwalika, ndi malo amodzi amene fumbi lingalowe. Amene anajambulapo ku Moatize mwezi wa Seputembala akudziwa mmene fumbi la kumeneko limalowera paliponse pamene zitsulo ziwiri zakhudzana.

Pogula kotumiza muyang'ane chilembo chakumapeto kwa dzina. X2T-C ndi ya Canon, N ndi ya Nikon, S ndi ya Sony, F ndi ya Fujifilm. Chilembochi chiyenera kufanana ndi kamera yanu. Koma fulashi ngati TT600 ikakhala pa sitandi sisankha. Zimenezi zimatithandiza kwambiri kuno, chifukwa timabwerekana: mnzanga wa Nikon ndi ine wa Canon timagwiritsa ntchito mafulashi omwewo paukwati umodzi, aliyense ndi kotumiza kake. Chimene sichitheka ndi kusakaniza mabanja. Kotumiza ka Yongnuo sikayatsa wailesi ya m'kati mwa fulashi ya Godox, ngakhale zonse zili pa 2.4 GHz. Musanasankhe banja, funsani kaye anzanu a m'dera lanu kuti ali ndi liti. Tsiku limene chanu chidzafe Lachisanu madzulo, ukwati uli mawa ku Tsangano kapena ku Furancungo, mudzathokoza kuti mnzanu ali ndi chofanana nacho.

Pabokosi la Godox amalemba kuti imafika mamita 100, Canon imalemba mamita 30. Zimenezi ndi za pabwalo poyera. Makoma a njerwa, malata ndi matupi a anthu zimachepetsa mtunda, koma pantchito yathu mamita 10 kapena 15 amakwanira. Chodabwitsa n'chakuti trigger imatha kuphonya fulashi ikayandikira kwambiri. X2T ndi XPro zili ndi posankha mtunda, 0-30m kapena 1-100m. Mukamajambula chapafupi ikani pa 0-30m. Zikamaphonyabe muholo yodzaza mafoni ndi zokuzira mawu zopanda waya, sinthani tchanelo, alipo 32. Mukakumana ndi wojambula wina wa banja lomwelo, gwirizanani musanayambe kuti wina atenge tchanelo ichi, wina icho. Ndi nkhani ya mawu awiri, ndipo imateteza ubale.

Pali chifukwa china chimene wailesi imapambanira panja, ndipo n'cha masamu. Makamera ambiri salola shutter kupitirira liwiro la 1/200 kapena 1/250 ya sekondi pogwiritsa ntchito fulashi. Mukapitirira, m'mphepete mwa chithunzi mumabwera mzere wakuda, chifukwa nsalu yachiwiri ya shutter yayamba kale kutseka. Tsono masana dzuwa lili pamutu, pa ISO 100 (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) ndi 1/200, lenzi imafuna f/11, kutanthauza kuti bowo lake lolowetsa kuwala lichepe. Pa f/11 fulashi ya mabatire anayi, ili pa mphamvu yonse komanso yopanda ambulera, imafika mamita 3 okha kapena kuposerapo pang'ono. Mukaika ambulera mtundawo umatsika pafupifupi ndi theka. Ndipo kuwala sikuchepa mwachifundo: mukatalikitsa fulashi kawiri, kumene kumafika pa munthu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye kuti fulashi iyenera kukhala pafupi ndi akwati. Pamenepo inu mukufuna kubwerera m'mbuyo ndi lenzi ya 85 mm kuti mlatho wa Samora Machel ndi madzi a Zambezi zilowe bwino kumbuyo kwawo, kapena phiri la Dómuè lioneke lalikulu. Fulashi pafupi, kamera kutali: chingwe chachifupi sichifika, chachitali chimakokera pansi.

HSS imakulolani kupitirira malire aja, mpaka 1/8000 pa makamera amene amafikako, kuti mutsegule lenzi pa f/2.8 kumbuyo kusungunuke. Fulashi imachita zimenezi pothwanima mofulumira kambirimbiri m'malo moyaka kamodzi, ndiye mphamvu imachepa ndipo imatentha msanga. Chingwe cha PC ndi trigger yongoyatsa sizinyamula HSS. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya panja masana, musagule yongoyatsa poganiza kuti mwapulumutsa ndalama, mudzagula kawiri.

Walira mvula walira matope

Matope a wailesi ndi mabatire. Fulashi imadya anayi a AA, kotumiza ngati X2T awiri. Mabatire otchipa a patebulo la pamsika, aja a mutochi, sakwanitsa: fulashi imachedwa kudzaza, mkwatibwi wamwetulira kale inu mukudikirabe kagetsi kuti kayake. Gulani otchajanso a NiMH, amene m'sitolo amati pilhas recarregáveis, monga Eneloop, ndipo mukhale ndi magulu awiri kapena atatu. Muwalembe manambala kuti gulu lililonse lizitchajidwa ndi kugwira ntchito limodzi. Mphamvu yawo ndi 1.2 V pomwe a alkaline ndi 1.5 V, choncho ma trigger ena amaonetsa ngati batire latsala pang'ono likadali lodzaza. Musachite mantha ndi zimenezo. Kumidzi kumene magetsi sanafike, kapena magetsi olipiriratu a Credelec akatha usiku wa Lachisanu, tchaja yolowera pa USB imene ingamwe pa power bank kapena pa sola imapulumutsa ntchito. Mafulashi a batire la lithium ngati Godox V860 amakhalitsa ndipo amadzaza msanga, koma batire lake likafa simulipeza pagolosale, muyenera kuitanitsa.

Kutentha nako ndi nkhani. Kuno kumtunda ku Angónia nyengo imatikomera mtima, koma mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Fulashi ikayaka motsatizana pa mphamvu yonse imadziteteza yokha: imayamba kuchedwa kapena kuima kuti izizire. Ambiri amanamizira trigger pamenepa, trigger ilibe mlandu. Tsitsani mphamvu ifike pa 1/2 kapena 1/4, yandikizani fulashi, ndipo pakati pa zithunzi muziibisa pamthunzi. Musasiye mabatire a alkaline m'kati mwa chipangizo chimene chikagone m'chikwama milungu ingapo, amatuluka madzi oyera aja n'kudya zitsulo. Chinanso chonamiziridwa trigger ndi tulo ta fulashi: ikakhala osagwira ntchito kwa kanthawi imagona. Zimitsani zimenezo mu menu yake musanayambe mwambo.

Zinthu ziwiri zimene zingakuwonongereni ndalama

Choyamba chikukhudza chingwe kwambiri. Mafulashi akale a nthawi ya filimu, amene amapezeka m'kaunjika wa zamagetsi, ena amatumiza mphamvu yaikulu pa phazi lawo. Ma Vivitar 283 oyambirira amadziwika kuti amapitirira 200 V, pomwe makamera ena a digito oyambirira ankapirira 6 V yokha pa hot shoe. Chingwe chimanyamula mphamvu imeneyo n'kuilowetsa m'kamera. Musanalumikize fulashi yakale yosadziwika, yatsani, idzaze, ndipo mmisiri ayeze ndi mita yake pakati pa kanjere kapakati ndi chitsulo cham'mbali. Ndi wailesi kamera imatetezeka chifukwa sikhudzana ndi fulashi. Chikapsa ndi kolandira, osati kamera.

Chachiwiri chikukhudza a Canon. Pa hot shoe pamakhala kanjere kakakulu pakati, kamene kamanyamula uthenga uja woti yaka. Canon 4000D, 250D ndi ma 2000D ambiri anatuluka opanda kanjere kameneka. Pa makamera otere, kachipangizo kotulutsa bowo la PC sikagwira, trigger yongoyatsa sigwiranso. Zimene zimagwira ndi zolankhula chinenero cha TTL cha Canon, ndipo zina za Godox zinafunika kuikidwa firmware (pulogalamu ya m'kati mwa chipangizo) yatsopano kuti zigwirizane nawo. Yang'anani pamwamba pa kamera yanu musanatumize ndalama. A Sony akale, a chaka cha 2012 chisanafike, ali ndi hot shoe ya mtundu wa Minolta imene imafuna chosinthira chake.

Ndiye mnyamata uja ndinamuuza chiyani

Ntchito yake ndi maukwati, zinkhoswe, ubatizo, masiku omaliza sukulu, ndi amayi ovala chitenje chofanana pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique. Ponsepo pamadutsa anthu. Ndinamuuza kuti adikire mwezi wina, aonjezere ndalama, agule fulashi ya manual yokhala ndi wailesi m'kati pamodzi ndi kotumiza kosintha mphamvu ali pakamera. TTL pa sitandi si yofunika kwenikweni: mtunda wa pakati pa fulashi ndi munthu ukapanda kusintha, mphamvu yoyenera sisinthanso, ndipo zithunzi zimatuluka zofanana, zosavuta kukonza pakompyuta. TTL imathandiza pamene mnzanu wanyamula fulashi pandodo akutsatira gulu lovina, mtunda ukusintha sekondi iliyonse. Ndinamuuzanso kuti ndalama ikatsalako agule kachingwe kotchipa kazigona m'thumba lam'mbali la chikwama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: kotumiza kakagwa pansi pakati pa mwambo ku Chifunde, sitolo yapafupi ili kutali ndi maola ambiri.

Kogula ndi nkhani ina. Kuchokera ku Ulongué kupita mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, choncho ena amadutsa pa Calómuè n'kukafika ku Lilongwe, a chakumwera amadutsa pa Zóbuè kupita ku Blantyre, ena amatuma abale ochokera ku Maputo, Beira kapena Johannesburg. Kuitanitsa pa intaneti kumatchipa koma kumafuna kuleza mtima, ndipo kubweza chinthu cholakwika n'kovuta. Pa chifukwa chimenechi, mukamatuma munthu mulembereni dzina lonse ndi chilembo chakumapeto chija, mutumizenso chithunzi cha hot shoe yanu.

Mukamagula chogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi kamera yanu ndi mabatire anu, musatumize M-Pesa musanayese. Tsegulani pa mabatire muone ngati zitsulo zili ndi dzimbiri kapena ufa woyera. Valani kotumiza pa hot shoe, mangani, gwedezani pang'ono muone ngati phazi lili ndi mng'alu. Kenako mnzanu anyamule fulashi, ayende mapazi 30, ajambulidwe kakhumi motsatizana. Alowe kuseri kwa khoma, mujambulenso kakhumi, iye akuwerenga kuti yayaka kangati. Pomaliza lozani kamera pakhoma loyera, ikani shutter pa 1/200 kapena pa malire a kamera yanu, jambulani, ndipo kulitsani chithunzicho muyang'ane m'mphepete. Mukaona mzere wakuda, tsitsani pa 1/160 muyesenso. Ukachoka, trigger imeneyo imachedwa pang'ono, ndipo padzuwa muzigwira ntchito pa 1/160. Ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti mtengo utsike.